Tsiku limene ndinamva mwana akuti "chidakwa chija"

Ndine telala. Ndakhala pa makina osokera zaka zoposa 20, ndipo zaka 9 mwa zimenezo ndinkamwa mowa tsiku ndi tsiku. Ndikufuna ndikambe za mawu amodzi okha, oti chidakwa, chifukwa ndinawathawa kwa nthawi yaitali, ndipo kuthawako n'kumene kunandichedwetsa kupeza thandizo.

Tsiku lina m'mawa ndinali m'kati mwa shopu, chitseko chili chotsekula pang'ono, ndikulimbana ndi ulusi. Ndinali nditaunyowetsa ndi malovu katatu konse koma unkangophonya boo la singano, chifukwa dzanja silinkakhazikika. Panja ndinamva mayi wina akufunsa kamnyamata kamene kankasewera pakhonde kuti, "Iwe, telala amapezeka pati?" Kamwanako kanayankha mosazengereza: "Uti? Chidakwa chija? Chili m'katimo, chabwera kale."

Sikankandinyoza ayi. Kankangolozera njira, monga mmene munthu anganenere kuti nyumba ya denga lofiira ija. Ndipo chimene chinandilasa kwambiri si liwu loti chidakwalo, koma timawu totsatirato: chija, chili, chabwera. Kuyambira kalekale ana ankati "ali m'katimo", "abwera kale". M'mawa umenewo ndinamva ndi makutu anga kuti ndachotsedwa pagulu la anthu, ndaikidwa limodzi ndi chitseko, chitsulo ndi chitsa. Mayi aja analowa, anandipatsa moni mwaulemu, n'kutulutsa siketi yoti ndiifupikitse. Ndinaiyeza ndi tepi ndikubisa zala kuseri kwa nsalu kuti asaone mmene zinkanjenjemerera.

Chichewa chathu chimachita zimenezi ndi mawu angapo onena za munthu amene tamutaya: chitsiru, chigawenga, chimbalangondo. Inde pali chiphadzuwa, amene ali mawu oyamikira, koma kawirikawiri munthu akayamba kutchulidwa ndi "chi-", ulemu wa "a-" umakhala utamuchoka. Sungathe kunena kuti "chidakwa abwera" zikumveka bwino. Liwulo limakoka chiganizo chonse, mpaka munthu wa ana anayi amasanduka chinthu chimene "chagona" ndi "chadzuka".

Pambuyo pake, nditayamba kuchira, mnzanga wina amene anakhalapo ku South Africa anandifunsa ngati ndinamvapo munthu akunena kuti "ndadakwa". Ndinati ayi, timati ndaledzera. Iye anati m'Chizulu kuledzera amati ukudakwa, ndipo munthu woledzera nthawi zonse amamutcha isidakwa. M'Chishona namonso muli kudhakwa ndi chidhakwa. Kumeneko dzinalo likadali lolumikizana ndi mneni wake, moti ukalimva umamvamo zimene munthuyo amachita. Kwa ife dzinalo limaima lokha, lopanda mneni. Mwina n'chifukwa chake limamveka ngati chidindo chimene chikamata pachipumi sichichokanso.

Kunyumba liwu limeneli silinkatchulidwa. Akazi anga, abale akawafunsa za ine, ankati, "Abambowa amamwako." Zinthu zitafika poipa anayamba kunena kuti, "Amakonda mowa." Mayi anga ankati, "Akalandira ndalama amasangalalako ndi anzake." Onsewa ankandiphimba chifukwa chondikonda, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma ine ndinatenga mawu ofewawo n'kuwafunda ngati bulangeti. Ndinkadziuza kuti munthu aliyense ali ndi chimene amakonda. Wina amakonda mpira, wina amakonda kuvala bwino, ine ndimakonda mowa, vuto lili pati?

M'mutu mwanga munali chithunzi cha chidakwa, ndipo chithunzicho sichinkafanana nane. Chidakwa chinali munthu wogona m'ngalande, thalauzi litanyowa, nsapato imodzi itasowa, wopanda ntchito, wopemphetsa pakhomo la bala. Ine ndinkameta ndevu, ndinkasita malaya, ndinkatsekula shopu m'mawa uliwonse. Ndikamuona munthu wotero ndinkati m'mtima, "Ameneyu ndiye chidakwa, ine ndimangomwa." Apa ndi pamene anthu ambiri timasochera, ndipo ndikupempha aliyense amene akuwerenga kuti aime kaye apa. Wa m'ngalande uja ali kumapeto kwa msewu. Koma msewuwo ndi wautali, ndipo ambiri amene akuyendamo avala bwino, ali pantchito, amaseka ndi anthu.

Pali zinthu zitatu zimene timazisokoneza. Kumwa ndi kwina, kuledzera ndi kwina, uchidakwa ndi winanso. Munthu akhoza kuledzera paukwati wa mchemwali wake, kudzandira, kudzuka ndi matsire, kuchita manyazi, n'kutha miyezi osalawanso. Ameneyo waledzera, nkhani ya usiku umodzi. Wina akhoza kukhala woti simunamuonepo akudzandira, koma dzuwa silingalowe asanamwe, ndipo tsiku limene walephera kupeza mowa nyumba yonse imayenda monyang'ama. Uchidakwa sauyeza ndi kudzandira. Umadziwika pamene mowa wayamba kulamula nthawi yodzuka, njira yobwerera kunyumba, anthu ocheza nawo ndi kumene ndalama zipite.

Ndipo mawu oti kukonda aja anali abodza kwa ine. Zaka zoyamba mwina ndinkaukondadi. Koma zaka zitatu zomaliza munalibe chikondi mmenemo. Ndinkasunga kabotolo m'kabati ya pansi pa makina, kuseri kwa zidutswa za nsalu. Ndikafika m'mawa ndinkatseka chitseko, kutsanulira m'kapu ya tiyi, n'kumwa nditatsinzina. Mowa woyamba kumeza unkabwerera, ndinkachita kugwira pakamwa ndi chikhatho, misozi ili lengelenge, n'kumezanso. Ndikadikira mphindi 20 manja ankakhala bata, ulusi n'kulowa. Munthu sachita kutsinzina pomeza chinthu chimene amachikonda. Chimene ndinali nacho ndi chibaba, ndi mantha oti ndikapanda kumwa thupi lindiukira. Koma poti aliyense ankati ndimakonda mowa, ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzafune ndidzangosiya, monga mmene munthu amasiyira kuthira shuga wambiri mu tiyi.

Kubala kunali liwu lina. Anzanga ankanditcha mbiyang'ambe, ndipo ankalinena akuseka, akundisisita paphewa. Mukalimvetsera bwino mumamvamo mbiya ndi kung'amba, munthu woti sachoka mowa usanathe. Tanthauzo lake silisiyana kwenikweni ndi chidakwa, koma pakati pa omwa limamveka ngati ulemu. Ndinkanyadira kuti ndili ndi mutu wolimba, kuti anzanga akagwa ine ndimakhala ndikadali chilili n'kuitanitsa botolo lina. Sindinkadziwa kuti kulimba mutu kumeneko ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene madokotala amayang'ana: thupi lazolowera, ndiye likufuna wambiri kuti limve zimene kale linkamva ndi wochepa. Chinthu chimene ankandiombera nacho m'manja chinali matendawo akukula.

Mawu a kamnyamata kaja anandipweteka kwambiri moti madzulo omwewo ndinalumbira kuti ndasiya. Ndinataya kabotolo kaja, ndinapita kunyumba molunjika, osauza aliyense chifukwa chake. Ndinkafuna kudzionetsa ndekha kuti si ine chidakwa. Ichi ndicho chinthu choopsa kwambiri chimene ndinachita, ndipo ngati pali chimodzi chokha chimene mungatenge pa nkhani yangayi, chikhale chimenechi.

Usiku woyamba sindinaone tulo. Thukuta linanyowetsa pilo, mtima unkagunda ngati ndikuthamanga. Tsiku lachiwiri ndinkasanza ngakhale madzi, ndipo kapu ndinkaigwira ndi manja awiri koma madzi ankatayikabe. Usiku wachitatu ndinayamba kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, tikutsikira pabedi, ndipo ndinkatikutumula pamiyendo ndikukuwa. Ndinkamva anthu akunditchula dzina panja. Akazi anga anathamangira kwa achimwene anga, ndipo achimwene atandiona sanafunse zambiri, anangoti, "Tiyeni naye kuchipatala pompano." Zimene zinachitika panjira sindizikumbukira.

Kuchipatala anandipatsa mankhwala okhazika thupi pansi otchedwa diazepam, amene ankawachepetsa tsiku ndi tsiku, komanso jakisoni wa thiamine, vitamini B1, amene omwa kwambiri amakhala akuperewera m'thupi ndipo akasowa ubongo umawonongeka. Nditatsitsimuka adokotala anandifotokozera kuti mowa umafooketsa ubongo, ndiye ubongo wa munthu womwa tsiku lililonse umazolowera kugwira ntchito mothamanga kuti ulimbane ndi kufooketsako. Ukachotsa mowawo mwadzidzidzi, ubongo umatsala ukuthamanga popanda choubweza. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene wamwa komaliza. Ena amagwa n'kuphupha ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Kusokonezeka mutu kumene kunandigwira ine, kumene amakutcha delirium tremens, kumabwera kawirikawiri patsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ndipo kumapha ngati munthu sanalandire thandizo. Choncho ngati mumamwa tsiku ndi tsiku ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawako, musasiye nokha m'chipinda. Pitani kuchipatala mukanene zoona zake za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, akuthandizeni kusiya.

Adokotala amenewo anandifunsa mafunso anayi. Kodi munaganizapo kuti muyenera kuchepetsa kumwa? Kodi zimakukwiyitsani anthu akamakunenani za kamwedwe kanu? Kodi munadziimbapo mlandu chifukwa cha mowa? Kodi munamwapo m'mawa mutangodzuka kuti muchotse matsire kapena kuti thupi likhazikike? Mafunsowa amadziwika ndi dzina loti CAGE, ndipo anawakonza ndi dokotala wina, John Ewing. Munthu akavomera awiri, ndiye kuti pakufunika kumuunika bwino. Ine ndinavomera onse anayi, ndipo lachiwirilo ndinaliyankha ndikuyang'ana akazi anga amene anakhala pampando pafupi ndi bedi, chifukwa ndinakumbukira mbale zimene ndinaswa atangondifunsa kuti ndachokera kuti.

Kenako ndinawafunsa funso limene linkandidya. Ndinati, "Adokotala, ndiye kuti ine ndine chidakwa?" Anandiyang'ana kaye, n'kunena kuti, "Bambo, inu ndinu munthu amene akudwala uchidakwa. Thupi lanu lafika podalira mowa. Amenewa ndi matenda, ndipo anthu amachira."

Ndakhala ndikuganizira yankho limeneli zaka zonsezi. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, "u-" wa kumayambiriro uja, koma kwa ine chinatsekula khomo. Chidakwa ndi dzina la munthu yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Uchidakwa uli ngati umphawi, ulova kapena umasiye, chinthu chimene munthu amakhalamo, chimene chimamugwira, koma si iyeyo. Mu umphawi munthu amatulukamo. Ndinatha kuvomera kuti ndili ndi uchidakwa tsiku lomwelo, pamene kuvomera kuti ndine chidakwa ndinakukana zaka 9.

Kulimbana ndi dzina la vuto limeneli si kwa ife tokha. Mu 1819 dokotala wa ku Germany, Christoph Wilhelm Hufeland, analitcha dipsomania, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ludzu ndi misala. Mu 1849 dokotala wa ku Sweden, Magnus Huss, anayambitsa liwu loti alcoholism pofotokoza mmene mowa umawonongera thupi la munthu amene wamwa kwa zaka zambiri. Masiku ano bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limakamba za kudalira mowa, ndipo limatchula zizindikiro zitatu: kulephera kudziletsa pa nthawi yoyamba, yosiya kapena kuchuluka kwa mowa, kuika mowa patsogolo pa banja, ntchito ndi thanzi ngakhale ukuona kuti ukukuwononga, ndi kuzolowera kwa thupi, kuja kofuna wambiri kapena kudwala ukasiya. Ziwiri mwa zitatuzi zikakhalapo kwa nthawi yaitali, vutolo lilipo. Onani kuti palibe pamene akutchula ngalande kapena nsapato yosowa. Palibenso pamene akutchula kukonda.

Lipoti la WHO la mu 2024 linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Linanenanso kuti anthu pafupifupi 400 miliyoni ali ndi vuto la kamwedwe, ndipo 209 miliyoni mwa amenewo afika podalira mowa. Nditamva manambala amenewa ndinaganiza za makomo onse amene mkazi akuuza alendo kuti "amamwako", mwana akuuza aphunzitsi kuti "bambo adwala".

Nditatuluka m'chipatala ndinayamba kukumana ndi anthu ena amene akulimbana ndi vuto lomweli. Njira yokumana chonchi inatchuka ndi gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, m'dziko la America, pamene anthu awiri omwa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti kulankhulana kumawathandiza kusamwa. Pa misonkhano yotere anthu ambiri amayamba ndi kudzitchula okha dzina limene akhala akulithawa. Pali bambo wina wachikulire pagulu lathu amene amanena mosabisa kuti, "Ine ndine chidakwa, ndatha zaka 14 osamwa." Amati akalitchula yekha liwulo silimulumanso, ndipo limamukumbutsa kuti botolo limodzi kwa iye si limodzi. Ndimamulemekeza kwambiri, ndipo ndaona kuti kwa ena njira imeneyi ndi imene imagwira. Ine ndimati, "Ndili ndi vuto la uchidakwa." Tonse tikunena zoona. Chimene ndachiona n'chakuti liwu limeneli likachokera m'kamwa mwa mwiniwake limachiritsa, koma likaponyedwa ndi wina limavulaza. Ndipo limavulaza koposa likaponyedwa kwa mayi. Amayi amene amabwera pagulu lathu ndi ochepa, ndipo amati chimene chinawabisa m'nyumba zaka zambiri ndi kuopa dzina lomweli, chifukwa mwamuna womwa anthu amamuseka, koma mkazi womwa amamulavulira.

Kwa inu amene muli ndi m'bale womwa, ndinene zimene zinagwira ntchito kwa ine. Kumukuwira kuti "chidakwa iwe" sikumusiyitsa. Amapita kukamwa manyaziwo, ndipo akapeza anzake amene amamutcha mbiyang'ambe akuseka, amaona kuti kumeneko ndiye kwawo. Koma kumuphimba ndi "amamwako" nakonso sikumuthandiza, kumangotalikitsa msewu. Pakati pa ziwirizi pali kulankhula zimene mwaona ndi maso, iye ali bwinobwino, osati ataledzera, ndiponso osati pamaso pa ana. Akazi anga anaphunzira zimenezi titachoka kuchipatala. Patatha miyezi 7 ndinagwanso. Kasitomala wina anakana suti imene ndinaisoka bwinobwino, ndalama zinali zitathera pa nsalu, ndipo ndinapezeka ndili kubala. Ndinamwa masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachisanu akazi anga anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, dzulo munabwera 2 koloko usiku. Ndalama za mayeso a mwana zija palibe. Manja anu ayambanso kunjenjemera. Matenda aja abwerera, tiyeni kuchipatala lero." Sananditukwane, koma sanandibisirenso kanthu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tsiku limenelo ndinavala nsapato n'kuwatsatira.

Kugwa kumeneko kunandiphunzitsa kuti chibaba chimabwera ngati funde, chimakwera kenako n'kutsika chokha ngati sunachidyetse. Kwa ine chimakonda kubwera madzulo potseka shopu, makamaka tsiku limene ndalandira ndalama zambiri kapena ndakwiya. Ndinasintha njira yobwerera kunyumba kuti ndisadutse pabala paja. Ndalama zikalowa ndimazitumiza pafoni ya akazi anga ndisanatseke chitseko. Ndimadya ndisanamve njala kwambiri, chifukwa njala ndi kutopa zimadzutsa chibaba. Chikakula ndimaimbira bambo wachikulire uja, ndipo nthawi zambiri tikamamaliza kucheza chimakhala chitazilala. Anzanga akale akandiitana sindinena kuti "lero ayi", chifukwa zimenezo zimatanthauza kuti mawa inde. Ndimati, "Ndinasiya, unkandidwalitsa." Ena anakwiya, ena anangosowa, awiri anabwera kudzandifunsa mwamseri kuti ndinachita bwanji.

Tsopano ndatha zaka 6 osamwa. Dzina lija silinachoke msanga. Kwa chaka chathunthu anthu ena ankandipatsabe moni akununkhiza, ndipo makasitomala amene ndinawaonongera nsalu sanabwerere onse. Ena ndinawatsatira kukapepesa ndi kubweza ndalama pang'onopang'ono. Kamnyamata kaja kanakula, ndipo sindinakauzepo zimene ndinamva m'mawa uja.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina kudzasoketsa yunifolomu ya mwana. Nditamaliza kulemba miyezo sanadzuke. Anakhala akupindapinda pepala la pulasitiki limene anabweretseramo nsalu, kenako anati, "Ndamva kuti inu munasiya. Amuna anga amakonda mowa pang'ono." Ndinaimitsa makina. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, m'mawa akadzuka, asanalawe kalikonse, manja awo amakhala bwanji?" Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kenako anati, "Mabatani a malaya ndimawamangira ndine." Ndinawauza kuti asawakakamize kusiya okha kunyumba, ndipo ndinawalembera mafunso anayi aja kuseri kwa lisiti. Tinagwirizana kuti Loweruka m'mawa abwere nawo kudzayezetsa thalauzi, ndidzakhale nawo awiri.